Ntchito Yopanda Mpando

Achinyamata akamandifunsa ngati n'kwanzeru kulowa ntchito m'timakampani tongobadwa kumeneti, amayembekeza kuti ndiyamba ndi za malipiro. Ine ndimayamba ndi mpando. Ntchito yanga yoyamba inalibe mpando, ndipo nkhani imeneyi inatsala pang'ono kundidanitsa ndi atate anga.

Tinalipo anayi, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya simenti m'tauni ya Chipata. Tinkalumikiza azimayi olima nsawa kumidzi ndi ogula a m'tauni kudzera pa foni, kuti mayi asamangogulitsa thumba lake kwa aliyense wofika ndi sikelo. Mwini kampani anali mtsikana wondiposa pang'ono chabe, woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Tsiku loyamba lomwelo anandipatsa udindo wa Mkulu Woona za Alimi Onse. Pansi panga panalibe munthu ngakhale mmodzi, koma ndinabwerera kwathu ku Kapata ndikumwetulira ndekha mumsewu, ndikupereka moni ngakhale kwa anthu amene tinayambana kalekale.

Ntchito ija ndinkaikonda, ndisaname. M'mawa ndinali mkulu, masana wosesa, madzulo wosoka matumba. Malaiti akapita tinkasamukira pansi pa mtengo wa mango wa kuseri, kumene netiweki inkagwira bwino kuposa m'nyumba. Wogula akavomera mtengo wathu tinkavina pomwepo, wa simenti n'kumatisuzumira pawindo akupukusa mutu. Mpando weniweni unalipo umodzi, wozungulira, wamatayala, wogulidwa kwa anthu amene anali atautaya kale mtima. Ena tonse tinkakhalira makireti a zakumwa. Wofika woyamba ndiye ankakhala pampando, ndipo mwini kampani ankati umenewo ndiwo ufulu. Ine ndinkavomera ndi mtima wonse, ngakhale siketi yanga inkaweruka italembedwa mizere kumbuyo.

Atate anga ndi mmisiri wa matabwa. Moyo wawo wonse akhala akukhoma mipando ya m'maofesi ndi m'masukulu, ndiye kwa iwo ntchito ndi mpando. Munthu wopanda mpando wakewake pantchito amamuona ngati mlendo, woti mawa akhoza kuuzidwa kuti aone msana wa njira. Anali atandipemphera kale malo kwa mnzawo wa kutchalitchi, mwini golosale yaikulu, amene ankafuna kalaliki. Kumeneko kunali desiki, kunali mpando, kunali tiyi wa m'mawa.

"Lamulungu likubwerali ukawayankhe," anatero atate tsiku lina tikudya. "Fodya wako ni uyo ali pamphuno, mwananga. Wapachala ni wa mphepo."

"Atate, bwerani mukaone kaye kumene nigwira. Mukapeza kuti ni masewera, nizapita kugolosale."

Anavomera kubwera Lachisanu. Ndinkadziwa kuti akapanda kukhutira ndidzapitadi kugolosale, chifukwa kuwakana kukanakhala kuwavula pamaso pa mnzawo, ndipo zimenezo sindikanatha. Anzanga atamva anasangalala ngati kukubwera ukwati. Tinapangana kuti Lachisanu mpando wozungulira udzakhala wanga, mwini kampani adzandigogodera asanalowe, ndipo makireti onse tidzawabisa kwa wa simenti.

Atate anabwera Lachinayi. Anali atapereka chitseko kwa kasitomala chapafupi, ndiye anaona kuti n'kutaya nthawi kudikira mawa. Anandipeza nditakhala pa kireti, laputopu pamiyendo, chinangwa chootcha kukamwa. Mutu unaima. Mwini kampani, poti analeredwa bwino, anathamanga n'kukankhira mlendo mpando wozungulira uja. Palibe amene anakumbukira kuwachenjeza kuti mpandowo unali ndi khalidwe lake, loti munthu wolemera akakhalapo umatsika. Atate atangokhala, unayamba kumira nawo pang'onopang'ono, ukulira kuti fyuu, mpaka mawondo anafika pafupi ndi chibwano. Iwo sanagwedezeke. Anangogwira chipewa chawo pamiyendo n'kumatiyang'ana kuchokera pansipo, ndipo mnzanga wina anatuluka panja akunamizira chifuwa.

Ndisanapeze mawu opepesera, foni inalira. Anali dalaivala wa lole imene tinatuma kukatenga nsawa kumudzi wina wa cha ku Tamanda. Anati msewu wotsikira kumudziko wakumbika, iye salowetsako galimoto ya eni ake, ndipo akubwerera. Azimayi anali atadikira ndi matumba awo kuyambira m'mawa, wogula nayenso akudikira kuno. Mwini kampani anandiyang'ana maso ali psuu.

"Tichite bwanji, amkulu? Anthu aja ni anu."

Pamenepo ndinaiwala kuti m'chipindamo muli atate. Ndinamupempha dalaivala kuti aime pamsewu waukulu, adye kaye. Ndinaimbira mayi wotsogolera gulu la azimayi aja, amene ndinkadziwa kuti alamu awo ali ndi ngolo yoti n'kufikitsa matumba kumsewu waukuluko. Alamuwo anali kudimba, ndiye tinawasakasaka kudzera pa foni ya akatekisiti. Ngolo imodzi sinakwane, tinapeza yachiwiri. Ndinkalankhula ndikuzungulira chipinda chonse, foni ina kukhutu, ina m'manja, ndikunyengerera uyu, ndikuseka ndi uyo, ndikukalipira dalaivala mwaulemu. Mayi uja ataimbanso kuti thumba lomaliza lakwera, kumbuyo kwake kukumveka nthungululu, tonse anayi tinalumpha n'kuyamba kuvina monga mwa mwambo wathu. Ndili mkati motyola chiuno ndi pamene ndinakumana maso ndi atate, ali pansi pomwe paja.

Anadzuka movutikira. Anatulutsa tepi yawo m'thumba la jekete, n'kuyeza tebulo lathu kuchokera pansi. Anayeza kireti yanga. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumapewa, n'kuvala chipewa.

"Nabwera, naona," anatero, n'kutuluka.

Ndinakhala pa kireti n'kulira. Ndinkaona ngati ayeza kukula kwa manyazi amene ndawapatsa. Loweruka lonse atate anadzitsekera mu shedi yawo ya matabwa. Amai nditawafunsa anangoti, "Atate ako uwadziwa wekha." Lamulungu ndinavala diresi yanga yabwino, mtima uli lende, nditaloweza kale mawu othokozera a golosale. Koma titatuluka m'tchalitchi atate anandiuza kuti ndidikire pansi pa mtengo, iwo n'kupita okha kwa mnzawo uja. Ndinawaona chapatali atavula chipewa, akulankhula atawerama pang'ono, mnzawoyo akupukusa mutu. Atate anga sakonda kupepesa munthu, ndipo tsiku limenelo anapepesa nthawi yaitali. Pobwerera kunyumba anangokamba za kukwera mtengo kwa misomali.

Lolemba m'mawa ndikusesa muofesi, ndinamva belu la njinga pakhomo. Anali atate, thukuta lili kamukamu, kumbuyo atamangirira mpando ndi malamba a chubu. Unali wa mlombwa, wosalala, ukununkhabe vanishi. Anautsitsa okha, anakana kuthandizidwa, n'kuulowetsa pansi pa tebulo. Unalowa ndendende. Nditakhalapo mapazi anaponda pansi bwinobwino, msana n'kupeza pake. Anzanga anaimirira mondizungulira ngati ndikulongedwa ufumu, mwini kampani akuombera m'manja, wa simenti ali pawindo.

"Munthu amene abwana ake amufunsa chochita, sakhala pa kireti," anatero atate. Kenako anatembenukira kwa mwini kampani. "Mai, munimvetse. Mpando uyu si wa kampani, ni wa mwana wanga. Zikavuta kuno, anyamule."

Mwini kampani anaseka n'kuvomera, koma atate ankadziwa zimene ankanena. Kakampani kathu kanayenda, kanakula pang'ono, kenako kanafa monga timafera tambiri totere. Tinalira, tinagawana makireti, aliyense n'kulowera kwake. Ine ndinaitana njinga n'kukwezapo mpando wanga. Kuchokera apo ndagwira m'makampani ena ang'onoang'ono, ndipo kulikonse ndimafika ndi mpando kumbuyo, anthu n'kumaseka tsiku loyamba. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ndiye achinyamata aja ndimawauza kuti lowani, musaope, mudzasangalala kuposa mmene mukuganizira. Maudindo aatali mayinawo alandireni n'kuwaseka, chifukwa amatha limodzi ndi kampani. Koma phunzirani ntchito yoti mudzanyamule potuluka, ndipo makolo anu aitaneni adzakuoneni mukugwira, osati mutakonzekera. Ena amalemba zimenezi m'mafoni awo, ena amangofunsa kumene angagule mpando ngati wangawu.

Umenewo sugulidwa. Atate maso anayamba kuwavuta, ndipo shedi ija anaitseka. Masiku ena amabwerabe kuofesi kwanga mosachenjeza, monga kale. Ndikawapatsa mpandowo kuti akhale amakana, amangoupapasa m'mfundo ndi zala kuona ngati sukugwedera. Akakhutira amandiuza kuti ndikhale, ndipitirize ntchito, iwo n'kuima pambali chipewa chili m'manja.