Tsiku Limene Ndinalengeza za Chitini cha Mkaka

Tsiku limenelo pakhomo pathu ku Mgona panali anthu awa: ine mwini wake, mayi akunyumba kwanga, mwana wanga wamwamuna amene anali kondakitala wa minibasi za ku Area 25, mkazi wake amene ndi mpongozi wanga, asewere anga amene ndi mayi a mpongoziyo, ochokera ku Dowa kudzathandiza chikuta, ndi khanda, mdzukulu wanga, losatha ndi mwezi womwe. Alandilodi athu ndiwawerengeranso, chifukwa ngakhale anali panja akuchapa, khutu lawo linali m'nyumba mwathu.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, zilembo zangazi muzipirire. Koma mawu ndili nawo. Zaka zimenezo ndine ndinkalengeza maliro m'dera lathu. Munthu akatisiya, amfumu ankandituma, ine n'kumayenda m'tinjira ndikufuula, anthu n'kusiya zonse zimene akuchita. Chimkuzamawu sindinachigwirepo.

Vuto linali lakuti mkaka wa mpongozi unkatuluka wochepa. Mwana ankayamwa, kuyamwa, n'kulisiya bere akulira. Kenako kulirako kunayamba kuchepa, kumangomveka ngati kamphaka. Azimayi anayesa zawo zonse: thobwa, chinangwa chachiwisi, phala la nsinjiro. Kusikelo anamwino anati mwana watsika. Anati mayi aziyamwitsabe pafupipafupi osaleka, koma akamaliza azimuwonjezera mkaka wa m'chitini, wosungunula ndi madzi owiritsa, pa kapu yoyera. Mwana wanga anagula chitinicho, anabwera nacho atachikulunga m'jekete ngati wachiba. Chinalowa pansi pa bedi, osatsegulidwa.

Ana a lero simungamvetse, ndiye ndikuuzeni. Inali nthawi imene kuchipatala anali atayamba kuyeza magazi a amayi oyembekezera, ndipo mphekesera inali ponseponse yakuti wopezeka ndi kachilombo amauzidwa kuti asayamwitse. Ndiye mayi akangooneka ndi chitini, basi, mlandu wagamulidwa kale. Mandasi amene mpongozi ankagulitsa pamsewu akanaumira m'beseni. Komanso ku Mgona sungabise kanthu. Chitini chikatha ukachitaya kuti? Ana achitola, apangira galimoto, n'kumaikoka pakhomo pako pomwe.

M'mawa umenewo tinakhala pabalaza, mpongozi ali kuchipinda kuseri kwa katani ndi mwana.

Asewere anati, "Mwana wanga asatukwanidwe ndi anthu a m'tauni muno. Mkaka ubwera. Ine ndabereka, ndikudziwa."

Mayi akunyumba anati, "Asewere, thewera lija ndinamuveka dzulo likadali louma."

"Ndiye mukufuna anthu aziti mwana wanga ali ndi chiyani?"

Mwana wanga anangoyang'ana pansi. "Tidikireko mawa, Bambo."

Ndinati, "Iwe, mawa lako lija ndi lero. Pa siteji umang'amba kukhosi chifukwa cha mpando umodzi wotsala, koma za mwana wako wangoti zii?"

Amene ndinayenera kumuuza anali mpongozi mwini wake. Koma mwambo wathu mukuudziwa. Ine ndi iye sitinkayang'anizana, tikakumana pakhomo iye ankagwada chapambali, ine n'kuyang'ana kumpanda. Ndiye ndikayambe kukamba naye za mabere? Zosatheka. Mwambo umenewo sindinauphwanye. Koma palibe mwambo umene unkandiletsa kuyankhula ndi Mgona yense.

Ndinauza mayi akunyumba kuti, "Kanditengereni chitini chija." Anakachitenga. Ndinavala jekete langa lakuda lolengezera, ndinatuluka, ulendo wa pa kiyosiki ya madzi pamene azimayi amafola mzere.

"Tamverani! Tamverani!"

Ndowa zonse zinatulidwa. Ena anagwira kale kumutu. Mayi wina anafunsa, "Watisiya ndani, agogo?"

Ndinakweza chitini m'mwamba. "Palibe wamwalira! Ndabwera kuti asamwalire! Ichi mukuchiona? Ndi mkaka wa mdzukulu wanga. Wa mayi ake ukuchepa, ndipo anamwino alamula kuti tiwonjezere. Amwa lero, amwa mawa, zitini muzizitola pakhomo panga. Amene ali ndi funso la magazi a m'nyumba mwanga afunse ine pano, dzuwa likuswa mtengo, osati kukanong'onera kuseri kwa bafa!"

Kenako mayi wogulitsa makala, wapakamwa ngati ine ndemwe, anati, "Aa, agogo, mwatidula mtima chifukwa cha nkhani ya mabere? Ukalamba wakulowani poipa!"

Ndinati, "Amayi, ya mabere yakunyansani. Ndikanabwera ndi ya kabokosi kakang'ono, bwenzi pano mukuthamanga ndi ufa m'mbale, misozi mbwembwembwe."

Ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. Alandilodi, amene anali atanditsatira thovu lili m'manja, anati, "Ifetu sitinanene kanthu."

"Ndiye pitirizani kusanenako, mukuchita bwino."

Sindinalekere pomwepo. Ndinadutsa tinjira tonse timene ndimadutsa pa maliro, mpaka kumsika, mawu omwewo. Amfumu anandiimitsa panjira, akuti kulengeza kumeneku n'kwa zovuta zokha, ndasokoneza anthu. Ndinawayankha mwaulemu kuti mpando ndi wawo koma kukhosi n'kwanga. Anandichotsa pa ntchitoyo, anaika mnyamata wa belu. Belu lake silinkafika ndi kuchigayo komwe.

Sindinama kuti miseche inatheratu. Alipo amene anasiya kugula mandasi aja, ndipo ndikuwadziwa mpaka lero. Zoti magazi a mpongozi anali otani, sindinafunse, si zanga. Akanati ndibwereze, ndikanabwereza, mwinanso mokweza kuposa pamenepo.

Pobwerera ndinapeza asewere akulongedza chikwama, akuti mwana wawo wavulidwa pagulu. Sanandilonjere. Koma pa mbaula panali madzi akuwira, ndipo anawatereka ndi mpongozi mwini wake. Anatuluka kuseri kwa katani maso ali ofiira, sanagwade, analandira chitini m'manja mwa mayi akunyumba, amene ndinali nditawapatsira, n'kulowanso. Ine ndinakakhala kuseri kwa nyumba, osadziwa ngati mwanayo akadali ndi mphamvu zomeza.

Dzuwa litapendeka mwana wanga anabwera, anakhala pa njerwa moyang'anana nane. Anati:

"Bambo, wamwa. Wayamwa kaye bere, kenako wamaliza wa m'kapu, ndipo thewera wanyowetsa. Koma mkazi wanga wandituma. Akuti zikomo, komanso akuti musadzamuyankhulirenso. Mawa madzi akatunga yekha pa kiyosiki paja, mwana ali kumbuyo, ndipo amene afunse amuyankha yekha."