Mbalame za mwana wanga wosamva

Mwana wanga wachiwiri, mtsikana, anagontha makutu ndi malungo aakulu chaka cha chilala cha 1992, ali ndi zaka zisanu. Tinatuluka naye m'chipatala ku Chipata ali moyo, koma tikamuitana sankacheukanso. Mawu amene ankadziwa anayamba kumuthawa limodzilimodzi.

Kwathu ku Chiparamba mbalame zambiri timazidziwira kulira. Munthu ali chiweramire kupalira amanena kuti uyo ndi pumbwa, uyo ndi timba, osadzutsa mutu. Bambo ake ankamuphunzitsa choncho asanadwale. Atagontha, iwo analekeratu.

Tsiku lina ndikuswa nsawa pakhonde, anandikoka chitenje n'kuloza mumtengo wa gwafa. Anadzigwira kumutu, kenako kumbuyo, n'kulozanso duwa la dzungu. Nditayang'anitsitsa ndinaona pumbwa, mutu wakuda, kunsi kwa mchira kwachikasu. Ndinakulira pakati pa apumbwa, koma chikasu chimenecho ndinali ndisanachilabadirepo.

Mayina ena anatsatira. Nthengu inali zala ziwiri zotanyula, chifukwa cha mchira wake wamphanda. Panalinso kambalame kena kachifuwa chofiirira, koimba mokoma kudimba m'mawa, kamene ngakhale akuluakulu ankatsutsana za dzina lake. Iye ankangodzilemba ndi chala pansidze, poti kali ndi mzere woyera pamwamba pa diso. Nyimbo yake sankaimvanso. Pakutha pa chaka, abale ake ngakhale bambo ake ankatchula mbalame ndi manja pobwera kumunda.

Kenako asisitere a kuparishi anabwera kudzatiuza za sukulu yogonera ya ana osamva.

"Mayi, mukamusunga pano azidzacheza ndi inu nokha mpaka liti?" anandifunsa.

Tinamupereka kusukuluko.

Atabwera patchuthi anali atanenepa, manja ake akuthamanga ndi chilankhulo chimene ife sitinkachidziwa. Pumbwa atatera pa gwafa ndinadzigwira kumutu ndi kumbuyo monga kale. Anaseka mwamanyazi, n'kugwira zala zanga kuzipinda pakamwa ngati mlomo, mmene amatchulira mbalame kusukulu. Ndinayesa, koma ndinkangolakwitsa, mpaka anatopa nane.

Tchuthi chisanathe anali atalongedza kale chikwama, mtima uli kwa anzake. Ndinamuperekeza kumsewu. Galimoto itaima sindinadziwe mopindira manja kuti ndimuuze ayende bwino. Ndinangomugwira paphewa, iye n'kukwera.