Khomo la Chipinda cha Agogo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili mu Giredi 7, pamene atate anaganiza zomanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata kwathu ku Zingalume. Chinali chaka cha 1994. Thonje linali litachita bwino, koma chimene chinawafulumizitsa atate si thonje ayi. Anali agogo, amayi awo a amayi anga. Khoma la kanyumba kawo ka dothi linali litang'ambika ndi mvula ya chaka chathacho, ndipo tinali titalichirikiza ndi mitengo iwiri. Aliyense ankaona kuti silidzapirira dzinja lina. Atate ananena kuti mvula yoyamba isanagwe, agogo akhale atalowa m'nyumba yatsopano.

Popeza ndinali ndi rula, ndipo aphunzitsi ankayamikira mizere yanga, atate anandipatsa ntchito yojambula pulani. Ndinang'amba pepala lapakati m'buku la masamu. Ndinali nditalowapo kamodzi m'nyumba ya aphunzitsi ena ku boma la Chadiza, ndipo ndinajambula zimene ndinaona kumeneko: balaza kutsogolo, kanjira kopapatiza pakati pa nyumba, ndi zipinda zitatu zotsegukira m'kanjirako. Cha atate ndi amayi chinali kumanja, cha agogo kumanzere, makomo awo atayang'anizana. Changa ndi mng'ono wanga ndinachiika kumapeto, mbali ya kum'mawa, ndipo ndinachipatsa zenera lalikulu kuposa onse. Atate analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, akulitembenuza uku ndi uku, kenako anati zaoneka bwino. Ndikukhulupirira kuti mizereyo sanaimvetse. Anangoona kuti zipinda zakwana.

Tsiku lokhoma zikhomo linali Loweruka la mu Ogasiti, kukuwomba mphepo ya fumbi. A Mbewe, mmisiri womanga, anafika pa njinga ndi tepi yawo ndi chingwe. Atate anavula chipewa n'kupempha Mulungu kuti akhale Iye mmisiri weniweni wa nyumbayo, kuti ife tisagwire ntchito pachabe. Kenako a Mbewe anakhoma zikhomo motsata pepala langa, anakunga chingwe, ndipo amayi anathira phulusa m'mizere kuti zipinda zioneke bwino. Dzuwa lisanafike pamutu, nyumba yonse inali itagona pansi, yoyera mbee pa dothi lofiira.

Amayi anapita kukatenga agogo kuti adzaone chipinda chawo. Atate atawaona akubwera, anachoka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, atayang'ana kumbali. Umu ndi mmene ankachitira nthawi zonse. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayandikana. Akakumana panjira wina amapatuka, ndipo moni amapatsana ali patali, atagwada, maso ali pansi. Ndinakula ndikuziona zimenezi, koma pojambula sindinazikumbukire n'komwe.

Agogo sanalumphe chingwe chilichonse. Anazungulira ndi ndodo yawo mpaka anapeza mpata wa khomo, analowa, anadutsa pabalaza, n'kuima m'kanjira kaja.

"Langa ndi ili," anatero ataloza. "Nanga ili n'la ndani?"

"La atate ndi amayi," ndinayankha monyada.

Anatambasula ndodo. Inachoka pa khomo limodzi n'kukhudza linzake. Kenako anati, "Nyumba yabwino. Mulungu akudalitseni. Ine kanyumba kanga kandikwanira." Anatulukira pomwe analowera, n'kumapita.

A Mbewe anaseka akupukusa mutu. "Pulani ya kusukulu iyi. Iwe Esinati, ufuna agogo ako ndi atate ako aziwombana mitu m'mawa uliwonse, wina akuchokera kosamba?"

Manyazi anandigwira, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo. Ndinapita pamene anakhala atate n'kunena mawu amene ndimawamvabe m'makutu mpaka lero: "Koma ife ndife Akhristu. Zamakolo tinazisiya."

Atate anali atachoka kudambwe la gule ali kale bambo, ndipo kusiya kwawoko kunawatayitsa abwenzi ambiri. Sanakweze mawu.

"Zimene ndinasiya ndikuzidziwa ndine, si iwe woti undiwerengere. Ulemu sindinausiye. Chipinda chija tikumangira ndani?"

"Agogo."

"Unawafunsa?"

Ndinayang'ana pansi.

"Inenso sindinawafunse," anatero. "Talakwa tonse awiri. Koma ine sindingapite kukakhala nawo pamphasa imodzi. Upite ndiwe, ndi pepala lakolo."

Ndinawapeza agogo akusenda mtedza, atatsamira khoma long'ambika lomwelo. Ndinagwada, ndinapepesa, n'kuwafunsa kuti khomo lawo akufuna likhale pati. Sanaliyang'ane pepalalo.

"Atate ako ndi munthu wabwino," anatero. "Zaka zonsezi sanandionepo ndilibe duku kumutu, inenso sindinawaonepo atavula malaya. Ufuna zimenezi zithere paukalamba wanga? Bola khomali lindigwere."

Kenako ananena zimene ankafuna, ndipo zinali zochepa. Ankafuna khomo lawolawo lotulukira panja, loyang'ana kunkhokwe kwawo, kuti azilowa ndi kutuluka osadutsa pamaso pa mkamwini wawo. Ankafunanso kuti likhale mbali ya kum'mawa, chifukwa mawondo awo sankawongoka mpaka dzuwa litawaotcha.

Mbali ya kum'mawa kunali chipinda changa chija, cha zenera lalikulu. Ndinakhala ndikudikira kuti mwina anenanso zina, koma iwo anapitiriza kusenda mtedza. Ndinatulutsa labala n'kuyamba kufufuta pomwepo, pabondo panga, mpaka pepala linabooka. Madzulo ake a Mbewe anazula zikhomo zinayi, amayi anasesa phulusa n'kuthiranso lina, ndipo ine ndi mng'ono wanga tinapatsidwa chipinda cha kumadzulo, chimene chinkatentha ngati uvuni mwezi wa Okutobala. Ndinalira mobisa, ndipo sindibisa kuti ndinawakwiyira agogo masiku angapo.

Malata anakhomedwa kumayambiriro kwa Novembala, ndipo agogo analowa m'chipinda chawo mvula isanagwe. Anakhalamo zaka zinayi, ndipo anatisiya ali momwemo.

Pakati pa chipinda chawo ndi balaza panali khoma lopanda khomo, koma silinafike kumalata. M'mawa uliwonse tisanapite kumunda kapena kusukulu, atate ankatisonkhanitsa pabalaza kuti tipemphere. Ndinazindikira kuti m'nyumba yatsopanoyo ankapemphera mokweza kuposa kale, ndipo ankawerenga Mawu pang'onopang'ono, ngati akuwerengera munthu amene ali patali. Akamaliza ankadikira kaye. Ndipo kuseri kwa khomalo kunkamveka mawu otsika, onjenjemera pang'ono: "Ameni." Anthu awiriwa sanagwiranepo chanza, koma sindinaonepo mkamwini ndi apongozi amene anapemphera limodzi mokhulupirika chotero.

Lero ndine mayi, ndipo ndili m'gulu la amayi a mpingo amene timayendera odwala ndi okalamba. Ndinaphunzitsidwa kuyambira ubwana kuti tizilemekeza otibala, koma ndinkaganiza kuti kulemekeza ndi kupatsa munthu chimene ine ndikuona kuti n'chabwino. Ndinajambulira agogo chipinda chouma, cholimba, cha mizere yowongoka, ndipo akanatha kufa ndi khoma la dothi chifukwa cha mphatso yangayo. Tsopano ndimamvetsa kuti ngakhale Mwini zonse, amene ali ndi mphamvu yolowa paliponse, amagogoda n'kudikira kuti amutsegulire. Choncho ndikafika pakhomo pa nkhalamba nditanyamula zimene ndikuyesa kuti ikuzisowa, ndimaziika kaye pansi, ndimagwada, n'kuyamba ndafunsa.