Chithunzi cha Doko Chinandidyera Munda

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene mbuzi zanga zinatha ndi matenda, bambo a ana anga nawonso atakakwatira kwina. Ana awiriwo ndinawasiya kwa mayi ku Thambani. Munda wanga wa m'mphepete mwa khwawa ndinauika m'manja mwa malume a Dziko, eni mbumba yathu. Ndinawauza kuti wofuna kulimamo chimanga alime, koma ndidzaufuna.

"Pita mwana wanga, munda suthawa," anatero malume.

Ndinakathera m'katauni kena kakale ka asodzi, kupitirira Kepitauni. Ntchito yanga inali yotumbula nsomba padoko, ndipo amene sanaigwirepo asandiuze kanthu. Madzi ozizira ochita kuluma zala, mamba m'tsitsi, fungo losachoka ngakhale usambe kawiri. Tinkagona anayi m'kachisakasa ka malata kuseri kwa phiri, kumene alendo oona malo safikako. Lamlungu ndinkakhala ndekha pamwala n'kumabwereza mauthenga a ana pafoni mpaka batire kutha. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ngakhale mwezi umene ine ndinkagonera buledi ndi tiyi wopanda mkaka.

Padokopo panali mzungu wina wojambula, ankagulitsa zithunzi kwa alendo zoti akakoloweke m'nyumba zawo. M'mawa wina anabwera n'kutiuza kuti tichoke kaye ndi zidebe zathu, ati tikumuonongera chithunzi. Tinaima kumbuyo kwake, mipeni ili m'manja, mpaka anamaliza. Patapita masiku ndinachiona pawindo la sitolo yake. Madzi ali phee, mabwato ofiira ndi obiriwira atangokhala, nyumba zoyera zakale zitandandalika kumtunda. Munthu ngakhale mmodzi munalibemo. Ndinapsa mtima, komabe ndinachigula. Mayi anali atandivutitsa kuti ndiwaonetse kumene ndimakhala, ndipo kachisakasa kaja sindikanayerekeza kukajambula. Ndinachipatsira wa transipota wonyamula katundu kupita kumudzi, pafoni n'kungoti, "Mayi, kumene ndili ndi kumeneko." Kulakwa kwanga n'komweko, ndikuvomera. Koma kodi n'kulakwa kolipira ndi munda?

Nditatha zaka zisanu ndi chimodzi msana unakana. Ndinalongedza zanga, n'kudzatsika pa boda ya Mwanza mtima uli m'malo, ndikudziuza kuti mvula ikangogwa ndibzala mtedza.

Chithunzi chija ndinachipeza pabalaza, pamwamba pa kalendala ya kutchalitchi, atachizunguliza maluwa apulasitiki. Azimayi obwera kudzandilonjera ankangochiloza. Wina anandifunsa kuti nyumba yanga ndi iti, ya khonde kapena ya mawindo atatu. Wina anati anamva kuti bwato lofiiralo ndi langa. Ndinkangoseka, kuyesa nthabwala.

M'mawa mwake ndinapita kumunda. Ndinapeza manachesi, mizeremizere, ofika m'mapewa. Ndinaima osadziwa chochita. Kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti m'munda wobwereka umabzala chimanga kapena nandolo, zokolola n'kuchoka. Mtengo umabzala pako. Wobzala manachesi wanena kuti pano sadzachokapo. Anabzala ndi Lute, mwana wa mayi aang'ono.

Ndinalunjika kwa malume osadzera n'kunyumba komwe.

"Malume, munda wanga uja mwatani nawo?"

"Iwe Esinati, takhala pansi kaye. Tinakambirana monga banja. Tinati munthu wa nyumba ya kunyanja angabwerere kudzagwira khasu? Mnzakoyu analibe pogwira."

"Munandifunsa? Nambala yanga munali nayo. Ikakhala nkhani ya feteleza munkaidziwa kuimba kwake."

"Ndiye tizule mitengo? Mtengo wobzala sazula, mwana wanga. Anthu angatiseke."

Anthu angatiseke! Ine kundilanda pamaso dzuwa likuswa mtengo sizoseketsa ayi, koma kuzula mitengo.

Ndinabwerera kunyumba ndikutukutira ndi ukali. Ndinatsitsa chithunzicho pakhoma n'kuwauza mayi zonse: za zidebe, za chisakasa, za mzungu amene anatithamangitsa kuti doko lioneke la mtendere. Ndinawauza kuti pamene ankachijambula ine ndinali kumbuyo, matumbo a nsomba ali m'zikhadabo. Mayi ananyamuka n'kukatseka chitseko.

"Tsitsa mawu, anthu akumva."

"Amve! Akanamva kale bwenzi ndili ndi polima."

Anabwerera kudzakhala pansi, akusisita mawondo awo.

"Ukuyesa sindinkadziwa? Wa transipota uja anandiuza tsiku lomwe anachibweretsa kuti umatumbula nsomba. Koma anthu atachiona anayamba kundipatsa moni ndi manja awiri. Kumaliro ankandipatsa mpando, ine amene ndinazolowera kukhala pansi. Ndiye malume ako akugawa mundawo ndikanati chiyani? Ndiimirire pagulu ndinene kuti mwana wanga amagona m'chisakasa?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti sindinanamize aliyense. Bodzalo mayi analilandira akulidziwa, n'kulisamala kuposa mwini wake. Mkwiyo umene ndinali nawo pa mzungu uja unachepa, chifukwa iye sankandidziwa. Awa ndi amene anandibala, ndipo nawonso anandichotsa kuti pabalaza pawo pakongole. Madzulo ake mayi anachibwezera pakhoma, n'kundifunsa mwakachetechete kuti msana ukapola ndibwerera liti.

Sindinabwerere. Malume anandidulira kachigawo ka miyala kumtunda, kumene khasu limachita kuthetheka moto, ndipo ndi komwe ndikulima ndi ana anga. Chaka chino manachesi aja abereka koyamba. Dzana Lute ananditumizira dengu limodzi, ati ndilaweko za m'munda mwake. Likadali pakhonde pomwe analitula, ayamba kuwola.