Laketi ya ku Joni

Fungo la vanishi likandipeza, ngakhale pa benchi yatsopano ya kutchalitchi, ndimabwerera ku Nsaru, dzinja limene malume anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni. Ndinali mu Sitandade 4. Bambo anali mphunzitsi, ndipo tinkakhala m'nyumba ya sukulu ya malata odontha, kuseri kwake kuli chigafa cha fodya wathu. M'nyumbamo tinkakhalanso ndi Elube, mwana wa alongo awo a bambo, amene anachokera ku Kabudula kudzaphunzira. Iye ndi ine tinkagona mphasa imodzi ndi kulimbirana bulangete limodzi.

Malume anagona kwathu masiku awiri okha. Amayi, omwe anali alongo awo, malumewo anawapatsa nsalu, bambo chipewa, ine chikatoni chachitali chosamata bwino. M'kati munali laketi ya badimintoni, yamtengo, yopakidwa utoto wobiriwira m'mphepete, zingwe zake zikulira ngati bangwe ukazikhudza ndi chala. Munalinso timipira ta nthenga zoyera, ndi timatabwa tiwiri tolumikizana ngati zenera laling'ono, tomangidwa ndi mabawuti anayi m'makona. Amayi anatitola timatabwato n'kutitembenuza. "Koma Azungu, felemu ya mphatso!" Anaikamo chithunzi cha malume atavala chisoti cha mumgodi, n'kupachika pakhoma la pabalaza. Malume anali atapita kale, ndipo panalibe wowafunsa.

Laketi inali imodzi, osewera awiri. Tinamanga luzi kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa nsanamira ya chigafa. Ine ndinkagwira laketi, Elube chivundikiro cha poto. Nthenga zitatha tinkadula chitsononkho n'kubayamo nthenga za tambala, ndipo chinkauluka bwino kuposa za ku Joni zija. Elube ankandigonjetsabe ndi chivundikiro chakecho, akuseka mpaka kukhala pansi m'matope. "Ndipatse laketiyo uone, ndikutumiza kwanu ndi misozi!" Kwathu kunali komweko, koma ankatero tsiku lililonse. Sindinkamupatsa. Ndinabadwa wosakhulupirira munthu, ndipo mpaka lero kiyi wa chipinda changa amagona m'mpango kumutu. Madzulo ndinkaikoleka laketiyo pamwamba m'chigafa, pakati pa ndawala za fodya, n'kuika kaudzu pa chogwirira kuti ndidziwe ngati wina waikhudza.

Mvula ya chaka chimenecho inali yamvumbi. Zovala sizinkauma, mchere unkasungunuka m'chitini, chitseko cha kuchipinda chinafufuma mpaka tinkachita kuchikankha ndi phewa. M'chigafa munkanunkha fodya wolowa chinyezi, fungo lotsekemera lotsamwitsa. Inalinso nthawi imene nkhokwe imayamba kuonetsa pansi. Amayi ankayeza ufa ndi maso owawa, ndipo ndinkaona kuti mbale ya Elube ankaiyang'ana nthawi yaitali kuposa zathu.

Tsiku lina kampira kanayamba kuthawira kumanzere ndikamenya. Ndinaigoneka laketiyo pa tebulo, ndipo inagwedera ngati mbale yopindika. Mutu wake unali utapotoka pang'ono, koma moonekeratu.

Aliyense anali ndi yankho lake. Bambo anati malume anagula chinthu chotayidwa ku fakitale, monga amachitira anthu ogula mothamangira sitima. Amayi anapsa mtima kumva mlongo wawo akunyozedwa, ndipo anatembenukira kwa Elube. "Waikhalira dala ameneyu. Nsanje! Lero laketi, mawa atithyolera chiyani? Teremu ikatha abwerere kwawo." Kwawo kwa Elube sukulu inali kutali, kutsidya kwa dambo losawolokeka m'dzinja, ndipo tonse tinkadziwa kuti akapita, maphunziro athera pomwepo. Bambo anangoyang'ana pansi. Elube anati, "Azakhali, sindinaigwire ine," kenako anatuluka kukatsuka mapoto oyera kale.

Ine sindinakhulupirire aliyense wa iwo, ngakhale Elube. Ndinayamba ndi iyeyo. Kaudzu kanga kanali kasanasunthepo tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo Elube anali wamfupi woti sakanafikira pamwamba paja popanda mpando. Kenako mawu a bambo aja. Laketiyo ndinali nditaigoneka pa tebulo lomwelo tsiku limene inabwera, ndipo inagona phwatalala, choncho sinabwere yopotoka. Ndinatsala ndi chinthu chopindika chopanda woipinda.

Ndinakhala nayo pakhonde masana ambiri, ndikuiyendetsa chala. M'mphepete mwa mutu wake munali timizere tosalala, ngati pamene pakanikizidwa ndi chinthu chophwatalala kwa nthawi yaitali, kumaso ndi kumbuyo komwe. Sindinadziwe chinachita zimenezo mpaka Loweruka lina amayi atandituma kupukuta fumbi pabalaza. Nditatsitsa chithunzi cha malume ndinaona utoto wobiriwira utamatirira m'kati mwa timatabwa tija. Kanali kochepa, koma kanali utoto wa laketi yanga.

Sindinauze munthu. Mawu a mwana amawaphimba ndi mawu a akuluakulu, ndinali nditaziona kale. Lamulungu ndinati mutu ukundipweteka, ndipo onse atapita kutchalitchi ndinamasula mabawuti aja. Mutu wa laketi unalowa pakati pa timatabwato ngati phazi mu nsapato yake, timizere tija tikugwera ndendende pamene matabwa anakhudza. Ndinamanga pang'onopang'ono, kona iyi kenako iyo, mtengo ukulira chapansipansi, ine ndikuopa kuti uthyoka. Sunathyoke. Chithunzi cha malume ndinachilowetsa pakati pa zingwe, ndipo zonse pamodzi ndinazipachika pa msomali womwe uja.

Bambo ndiwo anayamba kulowa. Anaima, chipewa chili m'manja, n'kuyang'ana khoma, kenako chitseko chofufuma chija. "Chopanira," anatero chapansipansi. "Mtengo ukamwa chinyezi umapotoka, eti. Ichi n'choti iziumiramo." Kenako anaseka mpaka kutsokomola. Amayi sanaseke. Anayang'ana malume atakodwa m'zingwe ndi chisoti chawo, anandiyang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Mutu uja wapola?" Ndinati wapola. Analowa kukhitchini, ndipo madzulo ake Elube anapeza dzira m'ndiwo zake, ife tilibe.

Za kubwerera ku Kabudula sizinatchulidwenso. Laketi inakhala pakhomapo mpaka mvula inatha, ndipo titaimasula inali itawongoka, kutsala kupendekeka pang'ono kumene dzanja langa linakuzolowera. Tsiku limenelo ndinamupatsa Elube kuti agwireko. Anandigonjetsa moipa, monga ankanenera. Anadzakhala namwino, ndipo mpaka lero akabwera kudzandiyeza magazi amandifunsa ngati ndikuikabe kaudzu pa zinthu zanga. Ndimaika.

Mwezi watha mdzukulu wanga anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi laketi yatsopano, yopepuka ngati phesi, akudandaula kuti m'kati mukulira kanthu ndipo mwina mng'ono wake waigwetsa. Ndinamuuza kuti asatchule dzina la munthu asanandibweretsere thumba lake ndi chilichonse chimene chinabwera nayo. Anandiyang'ana ngati ndakalamba kwambiri.

Pa nthawi ija ku Nsaru ndinkayenda monyada, ndikuganiza kuti ndapeza chimene chinapinda laketi, ndiye mlandu watha. Lero, nditalerapo ana a anthu ena m'miyezi ya njala, ndikudziwa kuti amayi sankadandaula za laketi konse. Ankawerenga pakamwa poti padye, ndipo laketi inangowapatsa mawu oti anene mokweza. Ine ndinawalanda mawuwo. Ufa sunachuluke m'nyumba muja, koma iwo anapitiriza kugawa mbale zomwe zija mpaka chimanga chinacha, ndipo yaing'ono inali yawo.