Uthenga wa Amayi Unachepera M'njira

Ndinaganiza zochoka ku Nkope tsiku limene ndinapeza digiri yanga itayamba kudyedwa ndi njenjete m'sutikesi. Ntchito ndinali nditafunsira mpaka kutopa. Ndiye mphunzitsi wanga wakale atandiuza kuti koleji ina ku Joni ikufuna wothandizira m'kalasi, sindinafunsenso kawiri. Chomwe chinkandiwawa n'kusiya amayi. Anali atakalamba, makutu atayamba kugontha, ndipo mwana wamkazi ndine ndekha. Achimwene anga a Lukasi, asodzi a usipa, anati ndisadandaule, iwo alipo.

Ku Joniko tinkaphunzitsa za kayendedwe ka katundu kuchokera ku fakitale mpaka kwa wogula. Pa bolodi sitinkalembapo zambiri. Ophunzira ankalowa pa intaneti n'kumasewera malonda ongoyerekeza: uyu wa golosale, uyu wopikulitsa, uyu wa malole, winayo wa fakitale ya sopo. Lamulo lake linali loti osalankhulana, aliyense azingotumiza oda kwa mnzake wotsatira. Ee, kuseketsa kwake! Wa golosale akangowonjezera pang'ono, wopikulitsa ankachita mantha n'kuwonjezera kwambiri. Pofika ku fakitale sopo wadzaza mpaka kudenga, wogula kulibe. Masewero akatha ndinkaima kutsogolo n'kuwauza kuti uthenga ukadutsa mwa anthu ambiri, aliyense amaukonza kuti umukomere iyeyo. Iwo ankalemba, mayeso n'kukhoza.

Ndikaweruka ndinkabwerera kukachipinda kanga kozizira, komwe Chichewa ndinkalankhula ndi ketulo. Foni ndinawagulira amayi, koma inkakhala ndi achimwene, ati amayi samva bwino. Netiweki ikavuta kunyanjako, uthenga unkadzera kwa msuweni wanga Tereza wa pa boma ku Mangochi. Zopempha zinkafika zonenepa ndithu: injini ya boti, malata, fizi ya ana. Ndinkatumiza, ine ndikugonera buledi ndi tiyi. Koma ndikafunsa za amayi, yankho linali lomwelomwelo: "Ali bwino, kamwendo kokha." Ndikati ndiwamveko mawu, ati apita kumunda, ati ali kutchalitchi, ati angogona kumene.

Kenako koleji inagula pulogalamu yatsopano yomwe imachonga yokha ntchito ya ophunzira, n'kuwafotokozeranso pomwe alakwitsa. Akuluakulu a kolejiyo anandithokoza mwaulemu kwambiri, n'kundiuza kuti sindikufunikanso. Ndinakwera basi yobwerera kwathu osauza munthu kumudzi, chifukwa cha manyazi.

Nditatsika kabaza pakhomo, ndinapeza amayi ali pamphasa pakhonde. Mbali imodzi ya thupi inali yakufa, pakamwa patapotoka. Kamwendo kaja ndi kameneko! Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiwe Esinati?" anatero movutikira. "Ndinakuitanitsa m'dzinja lija nditagwa. Anandiuza kuti wati ulibe nthawi ya zakumudzi."

Ndinagwada n'kuwakuwira m'khutu kuti sindinamve chilichonse. Anangogwedeza mutu ngati mmene timachitira ndi mwana amene akunama.

Achimwene ndinawapeza kuseri akusoka ukonde. Sanakane n'komwe. Anaulula kuti amayi anati ndibwere asanafe. Achimwene anauza Tereza kuti amayi akudwala koma asandiopseze. Tereza, amene fizi ya ana ake inkachokeranso kwa ine, n'kungotumiza za kamwendo. Ataona kuti sindikubwera, amayi anayamba kufunsa tsiku ndi tsiku, ndiye achimwene anawapangira yankho loti asiye kufunsa.

"Munandinamizira kwa amayi anga, achimwene?" ndinafunsa.

"Iwe mlongo wanga, taganiza bwino," anatero, maso ali pa ukonde. "Ukanabwera, ntchito ikanatha. Nanga ife kuno tikanadya chiyani?" Anadula ulusi ndi mano n'kufunsa kuti, "Ndiye ubwerera liti?"

Mpaka pano timangopatsana moni basi. Ndili ndi mkwiyo, sindibisa. Kwathu kuno anandikonda ndili kutali, ndipo anayesetsa kuti ndikhale komweko.

Tsopano amayi ndimawasambitsa ndine, kuwadyetsa ndine. M'mawa uliwonse ndikamawapaka mafuta ndimawafotokozeranso, pang'onopang'ono, kukhutu lomwe limamvako, kuti uthenga wao sunandipeze. Iwo amandisisita dzanja ndi dzanja lao lamoyolo.

"Zinatha izo mwana wanga," amatero. "Unali wotanganidwa. Ine ndinakukhululukira kalekale."