Kukalipa kwa a Nangozo

Ndikawakumbukira a Nangozo, m'mphuno mwanga mumadzaza utsi wa makungwa amene ankawotchera mbiya kuseri kwa nyumba yawo, utsi wowawa umene unkakwawa pansi m'mawa wa chisanu cha ku Dedza mpaka kulowa m'khumbi lathu. Sanali abale athu. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wa pakamwa poopsa, moti ngakhale agalu ankalambalala khomo lawo. Koma ndiwo anatipatsa pogona pamene ine ndi amayi tinathawa kutsidya, kwa Apwitikizi, masiku a nkhondo ya Ajeremani.

Atate tinawasiya. Asipayi, asilikali achikuda a Apwitikizi aja, anali atawagwira kukakumba msewu, ndipo zitamveka kuti ayamba kugwiranso akazi, amayi sanadikire. Malire anali kamtsinje kosafika m'maondo, koma mawu sankawoloka. Kutsidyako munthu akapezeka akukamba za kuno ankamenyedwa m'manja ndi thabwa. Asipayi ankauza midzi kuti aliyense wothawa, Angelezi amamuwombera akangowoloka, choncho anthu ankalira maliro a abale awo amoyo.

A Nangozo ankaloledwa kupitako chifukwa akazi a asipayi ankafuna mbiya zawo. Tsiku lina anabwerako ndi nkhani yoti atate abwerera kumudzi, ndipo ameta tsitsi kutilira ife. Amayi anadzuka pomwepo kuti azipita.

"Khalani pansi, Naphiri. Mukawoloka inu sakubwezani," anatero a Nangozo. "Ndibwerekeni mwanayu, atate ake akamuone ndi maso." Kenako anandigwira chibwano. "Iwe Ndaziona, ukawaona atate ako ukhale mwala. Ukangoti 'tate', wawapha."

Tinanyamuka mame asanaume, iwo mbiya zikuluzikulu zomanga ndi luzi, ine kamphika pamutu, udzu wozizira ukundicheka m'miyendo. Pamtsinje tinapeza sipayi wamtali ali ndi mfuti. Anapisa dzanja m'mbiya iliyonse kufuna makalata a kumishoni, osapeza kanthu.

"Mugulitse mbiya, agogo, osati pakamwa," anatero, ndipo anatitsatira mpaka m'mudzi, nakhala pa mtondo wogwetsa, mfuti ili pamaondo.

Akazi anabwera mmodzimmodzi, opanda moni wokweza. Ankagogoda mbiya ndi chala, maso ali pansi. Mudzi wonse unali zii, ngakhale ana anzanga amene ndinkasewera nawo anandiyang'ana ngati mzukwa, amayi awo akuwakokera kumbuyo. Ndiye ndinawaona atate. Anali chiimire pafupi ndi nkhokwe, mpala wawo uli mbee, ataonda mpaka nthiti kuwerengeka. Maso athu anakumana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaitane, ndipo kamphika kanagwa n'kusweka.

Sipayi anadzuka. Asanaponye phazi, khofi la a Nangozo linali litandipeza kale patsaya, lenileni, losanyengerera.

"Chitsiru cha mwana! Ulesi wa amako Naphiri, ogona mpaka dzuwa kuswa mtengo m'khumbi langa! Dzulo lomweli andithera ndiwo, iwo ndi Nabanda wawoyo, amene wangobereka mwana wamwamuna wolira ngati mbuzi! Nanga a Chimbalanga? Mfumu yawapatsa munda, koma khasu akubwereka langa! Bola Angelezi akutenga amuna kukasenza katundu wa nkhondo, ena osabwerako, mwina ndipumako!"

Anakalipa osapuma, akutchula mayina motsatizana, malovu akuthovoka. Sipayiyo anali wochokera kutali, mayina aja kwa iye anali mphepo chabe, chikhalirecho anali a anthu othawa m'mudzimo amene abale awo ankawalira ngati akufa. Anaseka mpaka kupukuta misozi. Koma ine, ndikulira, ndinaona gogo wina atagwira mbiya, milomo ikubwereza dzina la Nabanda. Atate anatembenuka n'kuyamba kukonza udzu wa nkhokwe umene unalibe vuto lililonse, mapewa awo akugwedezeka.

Titawoloka pobwerera ndinafunsa, "Bwanji mwanena za katundu wa nkhondo? Atate aopa kubwera."

"Ndikanena zokoma zokhazokha, ndisiyana pati ndi sipayi? Amve zonse, asankhe okha." Anandiyang'ana tsaya. "Likuwawa? Liziwawa."

Mwezi usanathe atate anawoloka, pamodzi ndi mabanja ena. Ena anasankha kukhala, ndipo mmodzi wa otsalawo anaulula kwa asipayi zimene a Nangozo anachita. Ulendo wotsatira a Nangozo anabwerako manja atatupa ngati maungu, zala ziwiri zitathyoka. Sanaumbenso mbiya yowongoka. Amayi ankawasinira ndi madzi ofunda, iwo akuwakalipira kuti madziwo atentha. Manja atapola anayamba kudikira pamtsinje, pamene akazi a kutsidya ankachapa, n'kumakalipira mbuzi zawo mokweza, akulowetsamo mayina ndi nkhani za othawa.

Atate anatengedwadi kukasenza katundu chaka chomwecho. Anabwerako akutsokomola, koma anabwerako, ndipo sindinawamvepo akudandaula kuti ananyengedwa.

Lero ndakalamba, ana anga ali ku Halale ndi ku Joni. Munthu akatsika basi ndi sutikesi ndimamuimitsa pamsewu kumufunsa za kumeneko, ngakhale sindikumudziwa. Akayamba kundisankhira nkhani kuti mtima wanga usagunde, ndimamugwira dzanja. "Ayi, mwananga. Yamba ndi zimene ukubisazo."